John Q: Mfuti Yopanda Zipolopolo ndi Mtima wa Mwana

Makalata ambiri amene talandira akukhudza filimu yakale ndithu, John Q, imene anthu akuioneranabe pa mafoni ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo. Ena mwafunsa za filimuyo, ena za chipatala, ena za malamulo. Tasankha mafunso asanu ndi awiri. Amene simunaionere, dziwani kuti tiulula mathero ake.

FUNSO: Akonzi, bambo a kunyumba akuti John Q ndi nkhani yoona, ine ndikuti ndi yopeka. Tiweruzeni. Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mwapambana ndinu, mayi, koma bambowo sanalakwe kwenikweni. Nkhaniyi anailemba ndi James Kearns, anaitsogolera ndi Nick Cassavetes, ndipo inatuluka mu February 2002. Zochitika zake ndi za ku Chicago ngakhale kuti mbali yaikulu anaijambulira ku Canada. Denzel Washington akusewera ngati John Quincy Archibald, bambo wa pafakitale amene maola ake a ntchito anadulidwa, ndipo Kimberly Elise ndiye mkazi wake Denise. Mwana wawo Mike anakomoka akusewera baseball, ndipo kuchipatala anapeza kuti mtima wake wakula ndi kulefuka moti pakufunika kumuika wina. Mtengo wake madola 250,000, ndipo chipatala chinafuna madola 75,000 dzina la mwanayo lisanalembedwe n'komwe pa mndandanda wa odikira mtima. John anagulitsa katundu, akumpingo anasonkha, koma ndalama zinaperewera kutali. Atamva kuti chipatala chikufuna kutulutsa mwanayo kuti akafere kunyumba, anatenga mfuti, natseka ndi unyolo zitseko za mbali ya odwala mwadzidzidzi, nagwira chikole dokotala wa mtima, anamwino ndi odwala amene anali m'menemo.

Pali zinthu ziwiri zoona zimene zimachititsa anthu kuganiza ngati bambowo. Cassavetes mwiniwake ali ndi mwana wamkazi amene anabadwa ndi vuto la mtima, ndipo filimuyi anaipereka kwa iye. Chachiwiri, usiku wa pa 31 December 1999, bambo wina ku Toronto anagwira chikole dokotala pofuna kuti khanda lake lithandizidwe msanga. Apolisi anamuwombera n'kumupha, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti mfuti imene ananyamula sinali yeniyeni ya zipolopolo. Bamboyo sanaomberedwe m'manja ndi khamu la anthu ngati John wa mufilimu.

FUNSO: John anali pa ntchito ndipo ankadulidwa ndalama ya inshuwalansi. Nanga chipatala chinamukana bwanji? Wogwira ntchito m'banki, Blantyre.

YANKHO: Ku America anthu ambiri amapeza inshuwalansi ya chipatala kudzera kwa abwana awo, ndipo ndi abwanawo amene amasankha kampani ndi mtundu wa inshuwalansi. Mufilimuyi fakitale inasintha, kuchoka pa mtundu wotchedwa PPO kupita pa wotchipa wotchedwa HMO, John osadziwa. Pa HMO wodwala amayenera kupita kwa madokotala okhawo amene kampaniyo inagwirizana nawo, ndipo chithandizo chodula chimafuna chilolezo chisanachitike. Pamwamba pa izo, popeza maola ake anatsitsidwa kufika 20 pa sabata, anayamba kuwerengedwa ngati wogwira ntchito theka, ndipo malire a ndalama zimene inshuwalansi ingamulipirire anali madola 20,000 okha. Chipatala chinamuona ngati wolipira za m'thumba, n'chifukwa chake chinafuna magawo 30 pa 100 alionse a mtengowo poyambirira.

Ena mungafunse kuti kodi kulibe lamulo loletsa kubweza wodwala. Lilipo, la mu 1986, lotchedwa EMTALA. Limakakamiza chipatala kuyeza ndi kutsitsimula aliyense wofika mwakayakaya, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Koma limathera pomwepo. Silikakamiza chipatala kuika munthu mtima wina. Mu 2010 Pulezidenti Barack Obama anasayina lamulo la Affordable Care Act limene linaletsa makampani kuika malire a ndalama za moyo wonse pa chithandizo chofunikira, ndipo kuyambira 2014 linaletsanso malire a pachaka. Msampha weniweni umene John anagweramo unachepa, komabe mpaka lero zipatala zoika ziwalo zimayamba zaona ngati banja lingakwanitse kulipira opaleshoni ndi mankhwala a pambuyo pake. Mtengo nawo unakwera. Lero zonse pamodzi zimaposa madola 1 miliyoni.

Inu amene mumadulidwa ndalama ya chipatala pa malipiro, pemphani chikalata cha inshuwalansi yanu muone zinthu zitatu: malire a pachaka, matenda amene sawalipira, ndiponso ngati amalipira chithandizo cha kunja kwa dziko.

FUNSO: Kumapeto John akufuna kudziwombera kuti mtima wake aupereke kwa mwana. Kodi zingatheke? Wophunzira za unamwino, Zomba.

YANKHO: Zovuta kwambiri, ndipo palibe dokotala wa opaleshoni amene angavomere ngati mmene Dr. Turner, dokotala wa mtima wa mufilimu uja, anavomerera. Lamulo loyamba la ntchitoyi ndi lakuti wopereka mtima akhale atafa kale, ndipo imfa yakeyo isabwere chifukwa chofuna chiwalocho. Impso imodzi kapena chidutswa cha chiwindi munthu wamoyo angapereke. Mtima ayi.

Tiyerekeze kuti wadziwomberadi. Mitima yambiri yoika mwa ena imachokera kwa anthu amene ubongo wawo wafa koma mtima ukugundabe chifukwa makina akuwapumira. Chipolopolo cha m'mutu sichilonjeza zimenezo. Munthu angathe kufa nthawi yomweyo mtima n'kuima, ndipo mtima umene wakhala mphindi zambiri wopanda mpweya m'thupi lofunda umawonongeka. Angathenso kupulumuka n'kukhala wolumala, mwana osapindula kanthu. Kuti madokotala anene kuti ubongo wafa, amayamba atsimikiza kuti m'thupi mulibe mankhwala ogonetsa ndiponso kuti thupi silinazizire mopitirira. Kenako amawalitsa tochi m'maso kuona ngati mwanadiso akusintha, amakhudza diso kuona ngati aphethira, amagwedeza kapaipi kukhosi kuona ngati atsokomola, ndipo pomaliza amamuchotsa pa makina kwa mphindi zingapo kuona ngati ayesa kupuma yekha. Amene amayeza zimenezi asakhale a gulu loika ziwalo. Zikatero mpamene amayeza magazi kuona HIV ndi hepatitis B ndi C, kujambula mtimawo kuona ngati ukupopa bwino, ndi kuona ngati magazi a mwanayo alibe asilikali olimbana ndi thupi la woperekayo. Zonsezi zimatenga maola ambiri, si ntchito ya pa tebulo la m'chipinda chozingidwa ndi apolisi.

John akunena kuti gulu la magazi ake ndi la mwana wake n'limodzi. Izo n'zofunika, koma n'chiyambi chabe. Kukula kwa thupi kumawerengedwanso. Madokotala a ana nthawi zambiri amafuna wopereka amene kulemera kwake sikuposa kawiri kulemera kwa mwanayo, ngakhale amatha kupitirirako pang'ono. Apa filimuyi ili ndi kamfundo koona: mtima wodwala ukakula umakuza malo m'chifuwa, choncho mwana wotero angalandire mtima wokulirapo. Koma mtima wa bambo wamkulu msinkhu m'chifuwa cha mwana wa pulayimale ungapanikizike potseka chifuwa, n'kulephera kudzaza magazi bwino.

Mtima woyenera ukapezeka, amauimitsa ndi madzi ozizira a mankhwala, kuuika m'matumba a pulasitiki ndi m'bokosi la madzi oundana pa madigiri pafupifupi 4. Kuchokera pamenepo pamakhala maola 4, akachuluka 6, kuti ukhale utayamba kugunda mwa wolandirayo, n'chifukwa chake mumaona ndege ndi helikopita. Gulu lina limakhala litatsegula kale fupa la pachifuwa cha wodwalayo ndi kumulumikiza ku makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo. Amachotsa mtima wodwalawo, kusiya kachigamba ka kumbuyo kumene mitsempha yochokera m'mapapo imalowera, n'kusoka watsopanowo malo asanu: pa kachigambako, pa mitsempha ikuluikulu iwiri yobweretsa magazi a m'thupi, pa mtsempha wopita kumapapo, ndi pa mtsempha waukulu wotumiza magazi m'thupi lonse. Akamasula magazi ofunda kulowamo, mtima umayamba kugunda wokha, nthawi zina mpaka auchite shoko ya magetsi.

Woyamba kuchita opaleshoniyi anali Christiaan Barnard pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, pa 3 December 1967. Wodwala wake, Louis Washkansky, anakhala masiku 18 n'kumwalira ndi chibayo, chifukwa mankhwala oletsa thupi kukana mtimawo anafooketsa chitetezo chake.

FUNSO: Tinaonera ku gulu la abambo kumpingo ndipo tinagawikana. Ena akuti John ndi ngwazi, ena akuti ndi chigawenga. Inu mukuti bwanji? Mkulu wa mpingo, Kasungu.

YANKHO: Abambo, ife tikuti filimuyi inakupusitsani pang'ono nonse, chifukwa inachotsa njakata yeniyeni isanakufikireni. Taonani mmene anaikonzera. John akuopseza kuti ayamba kupha anthu, koma kumapeto tikuuzidwa kuti mfuti inalibe zipolopolo, ndipo chimodzi chimene anali nacho m'thumba anasungira mutu wake. Choncho sitifika pofunsa ngati bamboyu akanapha mwana wa wina kuti wake akhale moyo. Amene anawagwira chikole akusanduka anzake, akumuikira kumbuyo. Mmodzi yekha amene akulimbana naye ndi mwamuna womenya chibwenzi chake, kuti akamenyedwa ife tisangalale. Mayi woyembekezera ndi mayi wa khanda akuwatulutsa msanga. Atakhethemula mfuti pamutu pake, ikukana kulira chifukwa kachitsulo kotsekera kanali kotseka. Nthawi yomweyo mtima ukupezeka, wa mayi amene tinamuona akuchita ngozi ya galimoto kumayambiriro. Bambo wapulumuka, mwana wapulumuka, palibe wogwidwa chikole amene wafa. Pamenepo kumuwombera m'manja n'kosavuta.

Munthu amene filimuyi sinatisonyeze ndi mwana wina uja amene anali pa mndandanda Mike asanalembedwe. Mitima ndi yochepa kuposa odwala. M'chaka cha 2002 ku America anaika mitima pafupifupi 2,200 yokha, ndipo ngakhale tsopano imaposa 4,000 pachaka, anthu amamwalirabe akudikira. Panthawiyo mndandandawo unkayendetsedwa ndi bungwe la UNOS, ndipo mtima ukapezeka kompyuta imasanja odwala potengera kudwalitsa kwawo, gulu la magazi, kukula kwa thupi, mtunda, ndi nthawi imene adikira. Mtima umene wapita kwa mwana uyu sunapite kwa mwana uyo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo filimu yolimba mtima ikanationetsa mayi wa mwana winayo atakhala m'kholido akudikira foni. Ikanationetsanso wa ngozi amene ambulansi inamupititsa kuchipatala chakutali chifukwa zitseko za pano zinali ndi unyolo.

Tisamuweruze John mopepuka, komabe. Chimene anafuna si kudumpha mzere ayi, ankafuna kuti mwana wake alowe nawo mu mzerewo, umene ndalama zinamutsekera. Mkwiyo wake ndi wolungama, ndipo Washington akuusewera mogwira mtima, makamaka pamene akutsanzikana ndi mwana wake pabedi, kumulangiza za moyo wonse mu mphindi zochepa. Pamenepo ngakhale wouma maso amapukuta. Koma kulungama kwa mkwiyo sikulungamitsa kuloza mfuti namwino amene sanalembe ndondomeko ya chipatala, ndipo namwinoyo sakudziwa kuti mfutiyo ndi yopanda kanthu. Mantha ake ndi enieni.

FUNSO: Mlandu wake unatha bwanji? Ndipo khoti lenileni lingamumvere chisoni? Wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Mufilimu anamupeza wosalakwa pa mlandu wofuna kupha, koma wolakwa pa mlandu wogwira ndi kutsekera anthu, ndipo loya wake akuyembekeza kuti akhala m'ndende zaka zochepa. Kunja kuno akanakhala ndi mwayi waukulu akanalandira chilango chopepuka chotero. Kuopseza munthu ndi mfuti ndi mlandu ngakhale mfutiyo ilibe chipolopolo, ndipo munthu aliyense wogwidwa chikole amawerengedwa ngati mlandu pawokha.

Makhoti otsatira malamulo ochokera ku England, monga a ku America, Malawi ndi Zambia, savomera msanga mawu akuti "ndinasowa mtengo wogwira". Mlandu wodziwika ndi wa Dudley ndi Stephens wa mu 1884. Amalinyerowa, chombo chawo chitamira, anapha mnyamata amene anali nawo m'bwato n'kumudya kuti asafe ndi njala. Khoti linagamula kuti kufuna kupulumuka sikupatsa munthu ufulu wopha wosalakwa. Anawagamula kuti anyongedwe, kenako chilangocho chinatsitsidwa kukhala miyezi isanu ndi umodzi. Ndi mmene zimayendera: chisoni chimalowa popereka chilango, osati pogamula ngati munthu walakwa.

Za apolisi filimuyi inalondola mbali imodzi. Wapolisi wachikulire amene Robert Duvall akusewera akufuna kukambirana ndi kutaya nthawi, pomwe mkulu wa apolisi, amene Ray Liotta akusewera, akutumiza wowombera kudzera m'mapaipi a mpweya. Njira imene apolisi a ku New York anakhazikitsa mu 1973 ndi ya woyambayo: zingani malowo, dulani anthu ena olankhula naye, lankhulani modekha, musaname pa chinthu chimene angachitulukire, ndipo dikirani kuti mtima wake utsike.

FUNSO: Gulu lathu la achinyamata likufuna kulemba sewero la kholo lomwe madzi afika m'khosi. Tiphunzirepo chiyani? Wapampando wa gulu la zisudzo, Mzuzu.

YANKHO: Tengani zimene John Q inachita bwino. Isanatulutse mfuti, ikutha nthawi yaitali kutseka zitseko chimodzichimodzi: galimoto yalandidwa ndi angongole, inshuwalansi yakana, maofesi a boma akumutumiza uku ndi uku, katundu wagulitsidwa. Woonera akafika podzifunsa kuti "bwanji osapita kwakuti?" ndiye kuti mwasiya chitseko chotsegula ndipo sewero lafooka. Lembani njira zonse zimene munthu wanzeru angayese, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo iliyonse muitseke pamaso pa anthu. Ikaninso wotchi imene woonera akuiona. Mufilimuyi ndi nambala ya kuthamanga kwa magazi imene ikutsika pa makina a pambali pa bedi la Mike.

Kumene inaterereka, inu musaterereke. Woyang'anira chipatala, amene Anne Heche akusewera, anamupanga wouma mtima kwambiri moti tikumuda osamumvetsera. Mupatseni wotsutsana ndi kholo lanu mfundo zoona, monga kuti ndalama yopulumutsa mwana mmodziyu ingagule mankhwala a ana 200. Wovutika ndi zochita za kholoyo akhale ndi dzina, nkhope ndi mayi ake. Musaimitse nkhani kuti anthu azikambirana za ndale za zaumoyo ngati ali pa wailesi, zimene ogwidwa chikole a mufilimuyi akuchita. Ndipo kholoyo likasankha, lilipire chinthu chimene silingachibwezenso. Mukabweretsa chozizwitsa mphindi yomaliza, anthu atuluka akusangalala koma osakangana.

FUNSO: Chionereni filimuyi ndili ndi nkhawa. Mwana wanga wa zaka 9 amatopa msanga akamasewera, ndipo amadwaladwala zilonda zapakhosi. Nditani? Mayi wa ku Mangochi.

YANKHO: Mayi, pitani naye kuchipatala sabata ino, ndipo mukanene zonse ziwirizo, kutopako ndi zapakhosizo. Kutopa kungachokere ku kuchepa kwa magazi, malungo, mphumu kapena TB, choncho musathamangire kuganiza za mtima. Koma pemphani kuti amumvetsere pachifuwa, ndipo akamva phokoso lachilendo akutumizeni kokajambula mtima. Zimenezi zimachitika pa zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Vuto la Mike ndi la mnofu wa mtima. Kwathu kuno lofala kwambiri mwa ana a zaka 5 mpaka 15 ndi lina, loyamba ndi zilonda zapakhosi za bakiteriya wotchedwa streptococcus. Zikapanda kuchizidwa, pakatha masabata awiri kapena atatu chitetezo cha thupi chimatha kusokonezeka n'kuyamba kuwononga thupi lomwelo. Mwana amatentha thupi, mfundo zimatupa ndi kupweteka mosinthanasinthana, lero bondo mawa chigongono, ndipo ena manja amangogwedezeka okha. Zikamabwerezabwereza, mavavu a mtima, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, amachita zipsera, n'kuyamba kudontha kapena kuthina. Zizindikiro zakuti mtima wayamba kulephera ndi kubanika pogona chagada, kutupa mapazi ndi mimba, ndi kutsokomola usiku.

Opaleshoni yoika mtima wina sichitika ku Malawi, ndipo ambiri ofuna kukonzedwa mavavu amadikira kutumizidwa kunja, monga ku India. Ngakhale kumene imachitika si mathero a nkhani: mwana amamwa mankhwala oletsa thupi kukana mtimawo, ngati tacrolimus, maola 12 alionse moyo wake wonse, amachotsedwa tizidutswa ta mtima kudzera mu mtsempha kuti aone ngati thupi silikuukana, ndipo achinyamata ambiri amataya mtima woikidwawo chifukwa chodumphitsa mankhwala. Kupewa n'kotchipa kutalitali. Zilonda zapakhosi zobwera ndi kutentha thupi, mwanabele wa m'khosi ndi mafinya, popanda chimfine, zimachizidwa ndi penicillin kapena amoxicillin kwa masiku 10 athunthu, kapena jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin. Cholakwika chofala ndi kusiya mankhwala tsiku lachitatu mwana akayamba kumeza bwino. Mwana amene adokotala atsimikiza kuti matendawa anamugwira kale amabayidwa jakisoniyo masabata anayi alionse, mayuniti 600,000 ngati sanafike makilogalamu 30, ndi 1.2 miliyoni ngati wafika, kwa zaka zambiri mpaka adokotala atanena okha kuti asiye. Lembani tsiku la jakisoni wotsatira m'buku lake la kuchipatala, ndipo ngati anatulukapo ziwengo kapena kubanika atalandira penicillin, auzeni asanamubaye.